NCHE: Mbiri ya Bungwe Loyang'anira Maphunziro Aukachenjede ndi Mapepala Odutsa Malire

National Council for Higher Education, lomwe anthu amangolitchula kuti NCHE, ndi bungwe la boma la Malawi loyang'anira masukulu aukachenjede. Linakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 15 la chaka cha 2011, ndipo likulu lake lili mumzinda wa Lilongwe. Ambiri amalidziwa chifukwa cha mndandanda wa ophunzira osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, umene limatulutsa chaka ndi chaka. Pa ntchito zake palinso ina imene sitchulidwa kawirikawiri pa wailesi: kuunika maphunziro amene munthu wachita kunja, ndi kuonetsetsa kuti maphunziro a m'dziko muno ali pa mlingo woti maiko ena angawakhulupirire. Ntchito imeneyi ndiyo imakhudza wophunzira amene wayamba digiri m'dziko lina nafuna kukaimaliza kwina. Kwa anthu a m'madera a m'malire, monga ku Wenya m'boma la Chitipa, kumene Zambia ali kuseri kwa mapiri a Mafinga ndipo Tanzania ali kumpoto kwa boma lomwelo, nkhaniyi ndi yakale kwambiri kuposa bungwelo.

Mawu akuti kirediti

Ku Malawi mawu akuti kirediti ali ndi matanthauzo awiri. Tanthauzo loyamba ndi la mayeso a Fomu 4 a MSCE, amene amalembetsa ndi bungwe la MANEB. Pa mayeso amenewa giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza kwapamwamba, giredi 3 mpaka 6 ndiye kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Wofuna malo ku yunivesite amafunika makirediti osachepera asanu ndi imodzi, Chingerezi chili momwemo.

Tanthauzo lachiwiri ndi la ku yunivesite. Kumeneko kirediti ndi muyeso wa ntchito imene wophunzira wagwira pa phunziro limodzi: maola okhala m'kalasi, kuwerenga payekha, kulemba ntchito zopatsidwa ndi mayeso. Phunziro lililonse lili ndi makirediti ake, ndipo digiri imaperekedwa munthu akasonkhanitsa makirediti okwanira. Kusamutsa makirediti ndi pamene yunivesite yachiwiri yavomera kuwerengera maphunziro amene wophunzira anakhoza kale ku yunivesite yoyamba, kuti asawabwerezenso.

Pa nkhaniyi pali zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi kuvomereza sukulu ndi maphunziro ake kuti ndi oyenera. Chachiwiri ndi kuzindikira pepala la munthu amene anamaliza kale maphunziro. Chachitatu ndi kuwerengera maphunziro a munthu amene anasiyira panjira. Mbiri ya NCHE ikusonyeza kuti bungweli linapatsidwa mphamvu zoonekeratu pa ziwiri zoyambazo, pamene chachitatu chinatsala m'manja mwa yunivesite yolandira wophunzirayo.

Nthawi ya atsamunda

Mu ulamuliro wa atsamunda, dziko la Nyasaland linalibe yunivesite. Sukulu imene inafika patali kwambiri kumpoto inali Overtoun Institution, imene Dr. Robert Laws anaitsegula ku Khondowe mu 1894 pansi pa mishoni ya Livingstonia. Mishoniyi sinkaona malire a maiko monga momwe amaonekera lero. Inali ndi masiteshoni ku Mwenzo ndi ku Lubwa, kumpoto chakum'mawa kwa dziko limene tsopano ndi Zambia, ndipo aphunzitsi ophunzira ku Khondowe ankakagwira ntchito kumeneko. Mmodzi mwa iwo anali David Kaunda, bambo wa Kenneth Kaunda. Pepala la ku Khondowe linkagwira ntchito kuseri kwa malire chifukwa mwini sukulu ndi mwini ntchito anali mmodzi, ndiye mpingo.

Kunja kwa mpingo zinthu zinali zina. Hastings Kamuzu Banda anayamba maphunziro aukachenjede ku Indiana University ku United States, nasamukira ku University of Chicago kumene anamaliza digiri mu 1931. Mu 1937 anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville. Komabe digiri ya ku America sinkamulola kugwira ntchito ya udokotala m'maiko olamulidwa ndi Britain, choncho anapita ku Edinburgh kukaphunziranso, nalandira ziphaso za kumeneko mu 1941. Kusamuka pakati pa masukulu awiri a dziko limodzi kunatheka, koma pepala lomalizidwa linakanika kuwoloka nyanja.

Ena ankapita ku Fort Hare ku South Africa, monga Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere, ena ku Makerere ku Uganda, monga Kanyama Chiume. Koleji ya Makerere, pamodzi ndi University College of Rhodesia and Nyasaland imene inatsegulidwa ku Salisbury m'zaka za m'ma 1950, inkaphunzitsa madigiri a University of London. Vuto lozindikira mapepala linkathetsedwa pobwereka dzina la yunivesite ya kwa atsamunda.

Boma la Chitipa lili ndi chitsanzo chake chodziwika. Legson Kayira, wobadwira m'mudzi wa Mpale kumapiri a kumeneko, ataphunzira ku sekondale ya Livingstonia ananyamuka wapansi mu Okutobala 1958 ndi cholinga chokaphunzira ku America. Ali ku Kampala anapeza dzina la Skagit Valley College m'buku la mayina a masukulu, nalembera kalata, ndipo sukuluyo inamulandira. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, nakafika ku sukuluyo m'chigawo cha Washington mu Disembala 1960. Skagit Valley inali koleji ya zaka ziwiri, ya mtundu umene ophunzira ake amapitiriza digiri ku yunivesite yaikulu atanyamula makirediti awo. Kayira anapitiriza ku University of Washington, kenako ku Cambridge ku England. Ulendowu anaufotokoza m'buku lake la 1965 lotchedwa I Will Try. Panalibe ofesi ya kwawo yomuikira umboni. Zonse zinadalira kalata yake ndi chisankho cha sukulu yomulandira.

Zaka za yunivesite imodzi

University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo inayamba kuphunzitsa mu Seputembala 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Pofika mu 1967 inali ndi makoleji a Chancellor, Bunda, Polytechnic, Soche Hill ndi sukulu ya kayendetsedwe ka ntchito za boma ku Mpemba. Koleji ya Chancellor inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo Kamuzu College of Nursing inalowa m'banjali mu 1979. Kwa zaka zoposa makumi atatu yunivesite ya boma inali imodzi yokhayi. Inkadziikira yokha miyezo kudzera mu senate yake, ndipo inkaitana aphunzitsi a mayunivesite ena kudzaona mayeso ndi kachongedwe kake. Bungwe lapadera loyang'anira mayunivesite silinkafunika kwenikweni, popeza woyang'aniridwayo anali mmodzi.

M'nyengo imeneyi munachitika chitsanzo chachikulu cha maphunziro ogawidwa pakati pa maiko. Koleji ya udokotala, College of Medicine, inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, Professor John Chiphangwi ali mmodzi mwa oiyambitsa. Isanatsegulidwe, ophunzira a udokotala ankatumizidwa ku Britain, Australia ndi South Africa, ena mwa iwo ku University of St Andrews ku Scotland. Koleji itayamba, ophunzirawo ankabwerera kudzamaliza maphunziro awo pa chipatala cha Queen Elizabeth Central, n'kulandira digiri ya University of Malawi. Gulu loyamba linamaliza mu 1992. Dongosololi linayenda chifukwa masukulu anagwirizana pasadakhale za zimene aliyense aphunzitse. Mpaka lero njira yodalirika kwambiri yosamutsira makirediti ndi imeneyi: mgwirizano wolembedwa wophunzira asananyamuke.

Yunivesiteyi inalinso ndi njira zake zowerengera maphunziro akale a munthu. Amene anali ndi dipuloma yovomerezeka, monga aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi, ankatha kuloledwa kuyambira chaka chachiwiri kapena chachitatu cha digiri. Mchitidwewu ukadalipo m'mayunivesite a m'dziko muno.

Masukulu achuluka

Zinthu zinasintha ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere chaka chomwecho, ana ofika ku sekondale anachuluka, ndipo malo a ku yunivesite imodzi anachepa kwambiri. Lamulo lokhazikitsa Mzuzu University linadutsa mu 1997, sukuluyo nitsegulidwa mu 1999. Mipingo nayo inalowa m'ntchitoyi. Sinodi ya Livingstonia inatsegula University of Livingstonia mu 2003, kukwaniritsa loto la Laws la yunivesite ku Khondowe. Catholic University of Malawi inayamba kuphunzitsa ku Nguludi m'boma la Chiradzulu mu 2006. Anthu ena ndi makampani anatsegulanso makoleji m'mizinda, ena ophunzitsa maphunziro a masukulu akunja.

Pa nthawiyo kuunika makoleji oyima paokha ndi mapepala ochokera kunja kunkachitidwa ndi komiti ya boma yogwira ntchito pansi pa nthambi yoona za anthu olembedwa ntchito m'boma. Funso lalikulu la komitiyo linali la ntchito: kodi mwini pepalali alembedwe pa giredi yanji? Funso la m'kalasi, la aphunzitsi, mabuku ndi zipangizo, linkafuna bungwe lokhala ndi lamulo lakelake ndi akatswiri ake.

Chikoka china chinachokera ku maiko oyandikana nawo. Mu Seputembala 1997 atsogoleri a maiko a SADC anasainirana mumzinda wa Blantyre pangano la maphunziro, limene linayamba kugwira ntchito mu 2000. Mwa zina, maikowo analonjeza kusunga malo osachepera 5 pa 100 alionse m'mayunivesite awo kuti akhale a ophunzira ochokera m'maiko ena a SADC, kufika powalipiritsa ngati ana a m'dzikomo, ndi kukonza njira yosamutsira makirediti kuchoka ku yunivesite ina kupita ku ina. Kuti zimenezi zitheke, dziko lililonse linafunika ofesi imene anzake angaifunse ngati sukulu yakutiyakuti ndi yeniyeni. South Africa inali itakhazikitsa kale SAQA ndi lamulo la 1995. Tanzania inakhazikitsa Tanzania Commission for Universities mu 2005. Zambia inapanga lamulo la ZAQA mu 2011 ndi la Higher Education Authority mu 2013. NCHE inabadwa m'nyengo yomweyi, pa zifukwa zofananazo.

Kukhazikitsidwa ndi ntchito zake

Lamulo la 2011 linapatsa bungweli ntchito zingapo. Limalembetsa masukulu aukachenjede oyima paokha, ndipo lili ndi mphamvu yowachotsa m'kaundula. Limaunika ndi kuvomereza masukulu ndi maphunziro awo, a boma ndi oyima paokha omwe. Limaika miyezo ya kaphunzitsidwe, mayeso, nyumba ndi zipangizo. Limagwirizanitsa kasankhidwe ka ophunzira opita ku mayunivesite a boma. Limalangiza nduna ya zamaphunziro. Linapatsidwanso udindo wokonza ndondomeko ya magawo a maphunziro yogwirizana ndi ya maiko ena. Dr. Mathildah Chithila-Munthali anatsogolera ofesiyi m'zaka zake zoyambirira, ndipo pambuyo pake anaitsogolera Dr. Ignasio Jimu ndi Dr. Ambumulire Phiri.

Kulembetsa ndi kuvomereza ndi masitepe awiri osiyana. Kulembetsa ndi chilolezo choti sukulu itsegule zitseko. Kuvomereza kumabwera pambuyo, akatswiri atapita pasukulupo kukaona maphunziro a aphunzitsi, laibulale, malabotale, kayendetsedwe ka mayeso ndi zimene zimaphunzitsidwa. Kuvomerezako kumaperekedwa ku sukulu komanso ku phunziro lililonse palokha, kotero sukulu yovomerezeka ikhoza kukhala ndi digiri imodzi yosavomerezeka. Zotsatira za kuunika koyamba zitatuluka mu 2016, masukulu ena oyima paokha sanavomerezedwe, ndipo nkhani zina zinakafika kukhoti. Kuchokera pamenepo makolo ndi olemba ntchito anazolowera kufunsa ngati sukulu ili pa mndandanda wa NCHE.

Pa zaka zomwezo mayunivesite a boma anachuluka. Koleji ya Bunda inachoka mu University of Malawi n'kukhala maziko a LUANAR. Malawi University of Science and Technology inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014. Mu 2021 Polytechnic inakhala MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Mayunivesite a boma atachuluka, kusankhira pamodzi kunathandiza kuti wophunzira mmodzi asatenge malo awiri pamene wina alibe. Ntchitoyi inakokera bungweli m'kati mwa mkangano wa kota, ndondomeko yogawa malo potengera boma lochokera, imene inabwezeretsedwa mu 2009 ndipo anthu ambiri a kumpoto ankaidandaula. Boma linalengeza kuthetsa kota mu 2020. Ngongole za ophunzira sizili m'manja mwa NCHE. Zimayendetsedwa ndi bungwe lina, Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015.

Kuunika mapepala ochokera kunja

Munthu akabwera ndi digiri kapena dipuloma yakunja, amapereka ku NCHE makope otsimikizika a satifiketi yake pamodzi ndi transcript, chikalata chosonyeza phunziro lililonse limene anatenga ndi magiredi ake, n'kulipira ndalama ya ntchitoyo. Ofesiyi imafufuza zinthu zitatu. Imaona ngati sukuluyo ndi yovomerezeka m'dziko lake lomwe. Imatsimikiza ngati pepalalo linatulukadi pasukulupo. Kenako imayerekeza mlingo wake ndi mapepala a ku Malawi, n'kulemba kalata yonena zimene yapeza. Kalatayo ndi imene olemba ntchito ndi mayunivesite amaifuna. Bungweli lakhalanso likuchenjeza anthu za masukulu osavomerezeka, kuphatikizapo a pa intaneti amene amagulitsa madigiri popanda kuphunzitsa.

Kalata ya NCHE si chilolezo chogwirira ntchito iliyonse. Dokotala wophunzira kunja amalembetsanso ku Medical Council of Malawi, ndipo namwino kapena mzamba ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Mabungwe amenewa ali ndi zofuna zawo, monga kugwira ntchito kwa nthawi pansi pa oyang'anira.

Ulendo wopita kunja umadutsa m'maofesi ofanana ndi ameneyu a m'maiko enawo. Mmalawi wopita ku South Africa ndi digiri ya kuno amaipereka ku SAQA. Wopita ku Zambia amadzera ku ZAQA, ndipo wopita ku Tanzania amadzera ku Tanzania Commission for Universities. Maofesi amenewa akafuna kudziwa ngati sukulu ya ku Malawi ndi yeniyeni, amayang'ana ku NCHE. Phindu lalikulu la bungweli kwa wophunzira wosamuka lili pamenepa: sukulu yake ikakhala pa mndandanda, makirediti ake amakhala ndi poyambira kukambirana, ndipo ikasowapo nkhani imathera pakhomo.

Chifukwa chake makirediti sawoloka mosavuta

Chovuta choyamba ndi miyeso. Monga chimanga chimene wina amachiyeza ndi ndowa wina ndi sikelo, ntchito ya chaka chimodzi imalembedwa ndi manambala osiyana. Ku Ulaya, dongosolo la ECTS, limene linayamba mu 1989 pansi pa pulogalamu ya Erasmus, limawerenga makirediti 60 pa chaka, ndipo kirediti imodzi ndi maola 25 mpaka 30. Ku South Africa kirediti imodzi ndi maola 10, ndipo chaka chimakhala ndi makirediti 120. Ku United States digiri ya zaka zinayi imakhala ndi makirediti pafupifupi 120 yonse. Nambala 120 ikhoza kutanthauza chaka chimodzi ku Pretoria, zaka ziwiri ku Dublin, ndi zaka zinayi ku Seattle.

Chachiwiri ndi polowera. Mwana wa ku Malawi amaphunzira zaka zisanu ndi zitatu ku pulayimale ndi zinayi ku sekondale, ndipo digiri yake yoyamba nthawi zambiri imatenga zaka zinayi. Ku Tanzania njira yachizolowezi yolowera ku yunivesite imadzera ku Fomu 5 ndi Fomu 6, ndipo madigiri ambiri ndi a zaka zitatu. Ku South Africa madigiri ambiri ndi a zaka zitatu, ndipo wofuna kupitiriza amawonjezera chaka cha Honours. Chotero chaka choyamba cha ku yunivesite ya ku Malawi chikhoza kuwerengedwa kwina ngati chongokwaniritsa zofunika polowera, ndipo wophunzira amadabwa kuona kuti akuyambanso.

Chachitatu ndi zimene zili m'phunzirolo. Mayina a maphunziro akhoza kufanana pamene mitu yake ikusiyana. Dipatimenti yolandira imaika pamodzi ndondomeko ziwiri za phunzirolo, n'kuona mitu, maola, mabuku ndi mtundu wa mayeso. Maphunziro okhudza dziko limodzi, monga malamulo, misonkho ndi kaphunzitsidwe ka silabasi ya sekondale, ndiwo amavuta kwambiri kusamutsa.

Chachinayi ndi malire amene yunivesite yolandira imaika. Popeza dzina lake ndilo lidzalembedwe pa digiri, imafuna kuti gawo lalikulu la maphunziro lichitike pa iyo. Ku South Africa lamulo lodziwika ndi lakuti makirediti obwera nawo asapitirire theka la digiri yonse. Masukulu ambiri amafunanso giredi yabwino pa phunziro losamutsidwalo, ndipo ena sawerengera maphunziro amene papita zaka zambiri chichitikire.

Chachisanu ndi kalendala. Mayunivesite a m'chigawo chino satsegulira mwezi umodzi, ndipo a ku Malawi akhala akusokonekera ndi kutsekedwa kwa masukulu, monga pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi ku koleji ya Chancellor mu 2011. Wosamuka akhoza kudikira miyezi yambiri kuti semesita ya sukulu yatsopano iyambe.

Mapangano a maiko

Maiko a mu Africa anayamba kukambirana nkhaniyi kalekale. Pangano la ku Arusha la 1981 linali loyamba, ndipo linalowedwa m'malo ndi pangano la ku Addis Ababa la 2014, limene linayamba kugwira ntchito mu 2019. Chaka chomwecho cha 2019 bungwe la UNESCO linavomereza pangano la dziko lonse lozindikirana mapepala a maphunziro aukachenjede, limene linayamba kugwira ntchito mu 2023. Mfundo yaikulu ya mapangano amenewa ndi yakuti pepala kapena gawo la maphunziro lizindikiridwe pokhapokha ngati wolandirayo asonyeza kusiyana kwakukulu. Nduna za maphunziro za SADC zinavomerezanso mu 2011 ndondomeko ya magawo khumi a maphunziro, kuti dziko lililonse liyerekeze mapepala ake pa makwerero amodzi.

Mapangano amatsegula njira, koma salamula dipatimenti kulandira phunziro linalake. Kumene makirediti ayenda bwino m'dziko muno ndi kumene masukulu awiri anamvana. Ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa, a Jesuit anayambitsa mu 2010 maphunziro a pa intaneti a dipuloma ya Regis University ya ku United States, ya makirediti 45. Pambuyo pake Southern New Hampshire University inabweretsa madigiri ake pamsasapo, ndipo omaliza dipulomayo anapeza popitirizira. Mbali ina ya nkhaniyi inaoneka nkhondo itabuka ku Ukraine mu 2022 ndi ku Sudan mu 2023, pamene ophunzira ambiri a maiko a mu Africa anathawa opanda transcript, zaka zawo za maphunziro zikusowa umboni.

Nkhaniyi ikaonedwa kuchokera ku Wenya

Wenya ili kum'mwera kwa tauni ya Chitipa, pa njira yopita ku Nthalire, m'dera la Mfumu Yaikulu Mwenewenya. Kuchokera m'boma la Chitipa, mzinda wa Mbeya ku Tanzania uli pafupi kuposa Lilongwe. Ku Mbeya kuli Mbeya University of Science and Technology ndi Teofilo Kisanji University ya mpingo wa Moravian. Ku Zambia, m'chigawo cha Muchinga chimene chimachita malire ndi Chitipa, kuli Kapasa Makasa University ku Chinsali. Mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse za malire, ndipo mwana akhoza kukulira kwa amalume kuseri kwa mapiri n'kulemba mayeso a Giredi 12 a ku Zambia m'malo mwa MSCE. Mwana woteroyo akafuna malo ku yunivesite ya ku Malawi, pepala lake liyenera kuyamba layerekezedwa ndi MSCE.

Kufupika kwa mtunda sikufupikitsa njira ya mapepala. Wophunzira wa ku Wenya amene wachita zaka ziwiri ku Mbeya nafuna kudzamaliza ku Mzuzu amadutsa masitepe omwewo amene amadutsa wochokera ku London. Zimene zimamuthandiza ndi zochepa komanso zodziwika. Asananyamuke, afunse ngati sukulu ndi phunziro lenilenilo n'zovomerezeka m'dziko lake, ndiponso ngati NCHE ndi bungwe la ntchito yake zidzalizindikire. Ali pasukulu, asunge ndondomeko ya phunziro lililonse ndi zotsatira za semesita iliyonse. Dzina likhale limodzi pa MSCE, pa chiphaso cha unzika, pa pasipoti ndi pa kaundula wa yunivesite, chifukwa kusiyana kwa chilembo chimodzi kumachedwetsa kutsimikiza. Ngongole ya fizi ithe asanachoke, popeza masukulu ambiri satulutsa transcript kwa amene ali ndi ngongole. Ndipo asasiye sukulu yoyamba asanalandire kalata ya sukulu yachiwiri yonena maphunziro amene yawerengera ndi chaka chimene adzayambire.

Pakati pa ulendo wa Legson Kayira mu 1958 ndi lamulo la 2011 panadutsa zaka 53. Kuchokera pa ulendowo mpaka lero Malawi yachoka pokhala dziko lopanda yunivesite kufika pokhala ndi mayunivesite a boma asanu ndi imodzi, masukulu ambiri oyima paokha, ndi ofesi imodzi imene maiko ena angaifunse za iwo. NCHE imatsimikiza kuti sukulu ndi yeniyeni ndipo imayerekeza pepala lomalizidwa ndi mapepala a kuno. Chiwerengero cha makirediti amene wophunzira wosiyira panjira adzaloledwa kunyamula chimagamulidwabe ndi senate ya yunivesite imene ikumulandira.